Bambo Akati Ndakhuta

"Bwezerani mbaleyo pomwe mwaitenga!"

Mawu a azakhali anafika mpaka kumpanda, nkhuku zomwe zinali pakhonde n'kubalalika. Ine ndinali kukhitchini, ndipo ndinathamangira pabalaza ndi tambula yonyowa m'manja. Ndinapeza alamu anga, akazi a achimwene, ataima chilili ndi kambale ka bambo. Bambo eni ake anali pampando wawo wandalema, atatsamira mapilo atatu, akupukuta pakamwa ngati mlanduwo ndi wa kwa aneba.

"Anena kuti akhuta, azakhali," anatero alamu.

"Anena kuti akhuta! Ndiye inu mwangomva kamodzi n'kulanda mbale? Kwanu mumatero? Apongozi, mlongo wangayu ndinamubereka kumsana kuno ali ndi mamina. Akati ndakhuta koyamba, ndiye kuti onjezerani. Akati ndakhuta kachiwiri, ndiye kuti ndiwo zakoma. Kachitatu m'pamene munthu woleredwa bwino amayamba kuganiza zochotsa mbale."

"Kale zinalidi choncho, koma pano..."

"Pano chatani? Taonani mbale yakenso! Imeneyi ndi mbale kapena chivindikiro cha botolo? Masipuni asanu a phala ndi theka la dzira! Munthu woti ankamaliza nkhuku yathunthu yekha, mafupa n'kuwaphwanya. Ndafika dzana, masiku awiri ndakhala ndikungoyang'ana, ndimati mwina ndi maso anga. Lero ndiye ndalankhula."

"Achemwali, musiyeni Kondakitala wanga," anatero bambo akuseka motsitsa, dzanja lili pabala la pamimba. "Basi ikadzaza amadziwa ndi iyeyu."

Bambo anayendetsa basi zaka makumi atatu, ndipo kwa iwo chilichonse padziko ndi basi. Dzina la Kondakitala anawapatsa alamu kuchipatala, komwe alamuwo anagona pansi pambali pa bedi lawo masabata atatu atawachita opaleshoni ya khansa ya m'mimba. Achimwene amagwira ntchito kutali, ine sindikanasiya saluni yomwe ndimalukako tsitsi, mayi anatisiya kalekale. Choncho amene anamva malangizo a kuchipatala ndi makutu awo anali alamu okha.

"Azakhali, tandimverani," anatero alamu ataika kambale patebulo. "Chifu chawo anachidula, kangotsala kachigawo kakang'ono. Anati azidya pang'onopang'ono, kasanu ndi katatu patsiku, maola awiri alionse. Asamamwe madzi akudya, azidikira theka la ola. Za shuga ayi. Ndipo akangoti akhuta, tisawakakamize."

"Anatero ndani?"

"Anamwino, adokotala ali pomwepo. Bambo anatuluka m'chipatala ali ndi makilo 48. Akufunika afike 50 pofika Lachisanu lomaliza la mwezi uno. Akafika, Lolemba lake ayamba mankhwala a m'diripi opha khansa yotsalira. Akapanda kufika, thupi silingapirire mankhwalawo, malo awo apita kwa wina, iwo adikire miyezi itatu. Ndipo matendawa sadikira munthu. Dzulo anamwino abwera ndi sikelo, apeza 48 ndi theka. Tikukwera, azakhali!"

"Theka la kilo pasabata imodzi," bambo anakweza chala monyada. "Tili pagiya yoyamba, koma tikuyenda."

Azakhali anaomba m'manja kamodzi n'kutembenukira kwa ine. "Mzime, wamva ndi makutu ako? Munthu akufunika kunenepa, ndiye akumunenepetsa ndi njala! Ndipo ndifunse, poti pakamwa m'panga. Wodwala akupatsidwa theka la dzira. Theka linalo likumapita m'mimba mwa ndani? Mkaka wonse uja ukuthera kuti?"

Misozi inalengeza m'maso mwa alamu koma siinagwe. Azakhali anali atayimba kale foni kwa achimwene, n'kuikweza mawu kuti tonse timve.

"Iwe," anatero achimwene kwa akazi awo atangomva mbali imodzi, "azakhali alera anthu angati, iwe walera angati? Mvera akuluakulu. Usandichititse manyazi ndili kuno."

Ndisaname, tsiku limenelo mtima wanga unali kwa azakhali. Kambale kaja kankandinyansa chiyambire. Anzanga akabwera kudzazonda bambo ndinkakabisa kuseri kwa wailesi, kuopa kuti azikanena kuti ana a Dalaivala akuwamana bambo awo chakudya. Choncho azakhali atalamula kuti kuyambira tsikulo kukhitchini azilowa okha, apongozi azingochapa ndi kusesa, ine ndinavomereza ndi mutu. Alamu anatenga foni yawo n'kuthimitsa belu lomwe linkalira maola awiri alionse.

Eee, m'nyumba munabwerera moyo! Tambala wamkulu anaphedwa madzulo omwewo. Fungo la anyezi wokazinga linafika kumsewu, aneba n'kumafunsa ngati tili ndi phwando. Azakhali anatulutsa mbale yaikulu yamaluwa ya malemu mayi, anaunjikamo mpunga, ntchafu ziwiri pamwamba, pambali kapu ya tiyi wa masipuni anayi a shuga. Ine ndinachita kuvina kukhitchini.

"Ndakhuta, achemwali," ankatero bambo atangodyako pang'ono.

"Eya, ndakumva. Nayi ntchafu."

"Ndakhutadi."

"Ndiye kuti zakoma. Kamsuzi aka."

Ndipo bambo ankadya. Ankameza akumwetulira, thukuta lili pamphumi, chifukwa chibadwire sanawakanirepo kanthu achemwali awo. Akamaliza ankadzuka n'kunena kuti akukaona tomato wawo kuseri kwa nyumba. Ife tinkaomba m'manja kuti taonani, ayamba kale kuyendera dimba.

Lamlungu kunabwera amayi asanu a kutchalitchi, aliyense ndi kontena yake yokulunga m'nsalu. Funso lawo linali limodzi, lomwe aliyense wozonda wodwala amafunsa asanakhale n'komwe pansi.

"Akumadyako?"

"Akudya ngati mnyamata!" anayankha azakhali. "Njala ndi imene inkamupha. Tsegulani, alawe zonse, asakhumudwitse munthu."

Bambo analawa makontena onse asanu. Lolemba nanenso sindinafune kutsalira, ndinabwera ndi keke ndi botolo la chakumwa chotsekemera. Ndinawathirira ndekha, akuti ndakhuta ine n'kumati imwani, bambo, ndagulira inu.

Lachiwiri m'mawa alamu anandikodola ali pachingwe choyanikira zovala.

"Mlamu, bambo sakumakaona tomato. Akumakasanza. Chakudya chilichonse chikubwerera, ndikumakakwirira ndi dothi ndine. Andipempha kuti ndisanene, akuti azakhali angakhumudwe, koma ine ndikuopa. Mwina inu angakumvereni."

"Alamu, musakokomeze. Thupi likuzolowera chabe. Kapena zikukuwawani kuti akulandani khitchini?"

Anawerama n'kupitiriza kufinya shati ya bambo. Mawu amenewo ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

Lachitatu magetsi anazima kusaluni, ndiye masana ndinali pakhomo. Bambo anamaliza mbale yamaluwa ija, anatsitsira ndi chakumwa changa chotsala, n'kukhalako pang'ono. Atadzuka kuti akaone tomato, sanafike pachitseko. Nkhope inatuwa, thukuta linali kamukamu.

"Mtima... ukuthamanga. M'mimba mukupota," anatero, n'kugwada pansi ngati thumba lotha ufa.

"Mayo ine! Mlongo wanga!" anakuwa azakhali. "Mzime, thira shuga m'madzi msanga! Ndi njala ya masabata aja imeneyi, yamupeza lero!"

Ndinathamanga, ndinasungunula shuga ndi chala, ndinabwerera. Pakhomo ndinagundana ndi alamu akuchokera kochapa, thovu lili m'mikono. Anandilanda kapu ija n'kukhuthulira madziwo pawindo.

"Asamwe kanthu! Gwirani miyendo, mlamu. Tiwagoneke chammbali. Beseni! Thawulo lonyowa!"

Sindinawamvepo akulamula munthu, koma ndinangoona ndikuchita zonse. Anamasula lamba wa bambo, anawapukuta pamphumi, foni atapanira ndi phewa akulankhula ndi anamwino. Kenako anagwada pafupi ndi khutu lawo.

"Bambo, ndine Kondakitala. Pumani pamodzi ndi ine. Kokani mpweya... tulutsani. Musaope, zimenezi anatiuza kuti zimachitika. Kokaninso."

"Mwamuthirira chiyani?" azakhali ankazungulira chipinda manja ali kumutu. "Nenani zimene mwamudyetsa mobisa! Chifukwa chiyani mwataya madzi? Mukufuna afe?"

Alamu ankangowerenga kugunda kwa mtsempha wa padzanja la bambo, milomo ikuyenda.

Patatha theka la ola njinga yamoto inaima pakhomo. Anamwino oyendera odwala m'makomo ndi mayi wamfupi wamawu aakulu, wosadziwa kugogoda. Analowa chipewa chanjinga chili kumutu, chikwama kumsana. Anawayeza bambo kuthamanga kwa magazi, anatsegula bandeji n'kuyang'ana bala, anasindikiza pamimba pang'onopang'ono.

"M'masanzi muli magazi?"

"Ayi," anatero alamu. "Ndakhala ndikuyang'ana tsiku lililonse kuyambira Loweruka."

"Kuyambira Loweruka! Chimbudzi chakuda?"

"Ayi."

"Mwayi wanu, ulusi wa opaleshoni sunaduke. A Dalaivala, mukamva bwino mudzuke, sikelo ikukufunani."

Bambo atapezako mphamvu tinawaimika pasikelo, wina uku wina uku. Muvi unagwedezeka n'kuima pa 47. Bambo anauyang'ana muviwo ngati ungasinthe maganizo.

"Tabwerera m'mbuyo," anatero chapansipansi.

Anamwino anavula chipewa chija n'kuyang'ana mbale yamaluwa yomwe inali ikadali patebulo. "Akuphika ndani masiku ano?"

"Ndine," anatero azakhali chifuwa chili patsogolo. "Mlongo wake."

"Akati akhuta mumatani?"

Azakhali anafotokoza lamulo lawo lonse, koyamba, kachiwiri, kachitatu. Anamwino anamvetsera mpaka kumapeto, kenako analowa okha kukhitchini n'kubwera ndi kapu ya tiyi ndi jagi yodzaza madzi. Anaziika patebulo patsogolo pa azakhali.

"Mayi, ndithandizeni. Kale chifu cha alongo anu chinali jagi iyi. Lero ndi kapu iyi. Thirani."

Azakhali anathira mpaka m'milomo.

"Kapu yati ndakhuta. Onjezerani."

"Atayikatu."

"Aa, ndi ulemu chabe, yangonena koyamba. Onjezerani."

Azakhali ndi munthu wosafuna kugonja pagulu. Anapendeketsa jagi mwaukali, madzi anasefukira, anayenda patebulo n'kutsikira pamiyendo pawo pomwe. Analumpha akukuwa. Bambo, omwe tinkati akufa ola lapitalo, anaphulika kuseka atagwira bala.

"Apa tikolopa," anatero anamwino. "Koma m'thupi, chakudya chikachuluka, makamaka cha shuga, chimangogwera m'matumbo nthawi imodzi. Ndiye thukuta, chizungulire, mtima kuthamanga, kusanza. Masipuni asanu aja ankakhala m'thupi. Mphika wanu ukubwerera wonse. Mayi, ndakhuta wa bambowa si waulemu uja munauzolowera. Tsopano ndi weniweni."

Azakhali anakhala pansi akufinya nsalu yawo. "Ndiye anadula chifu chenichenicho? Ine ndimayesa ndi zokamba za mtsikanayu." Kenako anatembenukira kwa bambo. "Nanga iwe, osanena bwanji?"

"Ndinkanena, achemwali. Katatu pachakudya chilichonse."

Ine ndinali nditaima pakona, botolo lachakumwa lopanda kanthu lija ndikulikankhira kunsi kwa mpando ndi phazi. "Anamwino, tingafikebe pa 50?" ndinafunsa.

"Kwatsala masiku 16. Kilo imodzi ndi madzi amene ataya posanza, imeneyo ibwerera msanga. Ziwiri zinazo ndi nkhondo, koma ndaonapo anthu akuipambana. Abwezereni mayi awa kukhitchini lero lomwe."

Mukuganiza kuti azakhali anapepesa? Mawu amenewo m'kamwa mwawo mulibe. Anangoti, "Chabwino, aphike. Koma mazira, mkaka ndi chiponde ndizisunga ine m'kabati, kiyi pakhosi panga. Ndizitulutsa ndekha, ndione kuti zikulowa m'kamwa moyenera."

"Palibe vuto, azakhali," anatero alamu, akuyatsanso belu la pafoni.

Masiku otsatirawo nyumba yonse inkayendera belu limenelo. Ine ndinkaseka kuti tili ndi alamu awiri, ya pafoni yolira ndi anga othamanga. Bambo anatcha chakudya chilichonse siteji: siteji yoyamba sikisi koloko m'mawa, yomaliza eyiti madzulo. Belu likalira ankaliza hutala ndi pakamwa, "Pi piii! Siteji yachinayi, okwera akwere!"

Alamu ankasefa phala n'kusakanizamo chiponde ndi mkaka wa ufa. Ankachotsa minga m'nsomba umodziumodzi atakhala padzuwa kuti aone bwino. Ankaponda mbatata ndi peyala, nthochi ndi dzira, chilichonse chofewa koma chopatsa thupi. Asanapereke chakudya ankakonza mapilo kuti bambo atsamire bwino, akatha ankayang'ana nthawi kuti madzi abwere patapita theka la ola. Pakati pa masitejiwo m'pamene ankachapa, kuphikira ife, kupukuta m'mbali mwa bala ndi kuwayendetsa bambo, poyamba mpaka pakhonde, kenako mpaka pageti.

"Tafunani, bambo, musameze msanga. Kakhumi kenanso."

"Kondakitala, dzirali lasanduka kale madzi."

"Kasanu kokha ndiye."

"Ndakhuta."

Mbale inkachoka nthawi yomweyo, ndipo wotsutsa panalibe. Azakhali, omwe sadziwa kuchita chinthu mwatheka, anasanduka wapolisi wa pakhomo. Wozonda aliyense ankamulanda kontena asanaponde pabalaza. "Ndakhuta wake ndi weniweni! Chifu chake ndi kapu! Simunamve?" Ankalalikira ngati nzeruzo anabadwa nazo. Makontenawo tinkadya ndife awiri, ine ndi iwo, mpaka siketi yanga ya kuntchito inayamba kundithina.

Tikakhala patebulo ndinkaitana, "Alamu, bwerani tidye."

"Idyani, ine ndakhuta, ndalawa kukhitchini."

Tinkangoti chabwino n'kupitiriza. Ndakhuta wa bambo tinaukana masiku asanu, koma wa alamu sitinaufunseko kachiwiri. Maso athu onse anali pamuvi wa sikelo.

Lachisanu loyamba muvi unaima pa 47 ndi theka. Lachisanu linalo unatsala pang'ono kukhudza 49, ndipo anamwino anavina pabalaza nsapato zanjinga zili kuphazi. Nkhani inafalikira mzere wonse wa nyumba. Aneba ankakuwa pamwamba pa mpanda, "Afika pati a Dalaivala?" Wogulitsa mazira anayamba kutisankhira akuluakulu. Ngakhale makasitomala anga kusaluni asanakhale pampando ankayamba afunsa makilo.

Lachisanu lomaliza palibe anapita kuntchito. Bambo anameta ndevu, anavala jekete yawo yakale yoyendetsera basi, yomwe tsopano inkawalendewera m'mapewa. Pakhonde panadzaza aneba, atatu mwa amayi a kutchalitchi aja analowa mpaka m'nyumba. Achimwene anali pafoni, ataikidwa pamwamba pa wailesi kuti amve zonse. Njinga itamveka kumsewu mtima wanga unagunda ngati ndine wokayezedwa.

Anamwino anaika sikelo pasimenti, anaikonza kuti muvi uyambire penipeni, n'kuwayang'ana bambo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nsapato vulani. Jekete vulani."

"Kukuzizira, anamwino."

"Kukutentha. M'matumba a thalauza muli chiyani?"

"Mulibe kanthu."

"Tulutsani kanthu kamene mulibeko."

Bambo anapisa m'thumba n'kutulutsa sipanala. M'thumba linalo munatuluka loko wamkulu wa pageti. Nyumba yonse inagwa ndi phwete, azakhali mpaka anakhala pansi akupukuta misozi.

"Zida za ntchito," anatero bambo mosachita manyazi. "Dalaivala sayenda chimanjamanja."

"Kwerani, bwana. Nokha, wina asakugwireni."

Anaponda phazi limodzi, kenako linalo. Muvi unathamanga, unapitirira, unabwerera, unanjenjemera. Anamwino anagwada n'kuika nkhope pafupi. Ine ndinatseka maso.

"Makilo 50," anatero. "Ndi kachidutswa pamwamba."

Nthungululu ya azakhali inang'amba denga. Amayi a kutchalitchi anayambitsa nyimbo, pakhonde anthu ankamenya m'manja ndi m'zidebe, ine ndinawakumbatira anamwino mpaka anati ndiwathyola nthiti. Iwo anatuluka panja kukayimba foni kwa adokotala, n'kubwerera chala chachikulu chili m'mwamba.

"Lolemba, seveni koloko m'mawa. Malo awo alipo."

"Ndinanena ine!" inakuwa foni pamwamba pa wailesi. "Ndinati mverani azakhali! Azakhali, mwagwira ntchito!"

"Nanga ndikanatani, mwananga, mlongo wanga yemweyu," anatero azakhali akulandira manja a anthu.

Bambo anali ataledzera ndi chimwemwe. "Lero basi ndi yaulere! Aliyense akwere! Achemwali, yambani ndinu!"

Azakhali anakwera akuvina, muvi unathawira ku 83, anthu n'kukuwa kuti sikelo ipepesedwe. Ine ndinakwera, 66, ndipo bambo anati makontena a odwala aoneka pomwe anapita. Anakwera amayi a kutchalitchi, anakwera wogulitsa mazira. Alamu anali ataima pakhomo la khitchini, atavala juzi yaikulu ya achimwene, akumwetulira.

"Kondakitala! Watsala ndiwe!"

"Ayi, bambo, ine ndili ndi mphika pamoto."

"Alamu, musatinyoze," ndinatero ine, n'kuwakoka dzanja. Dzanjalo linandidabwitsa, zala zanga zinakumana pozungulira mkono wawo. Koma anthu anali akuimba kale, ndipo ndinawakankhira pasikelo tikuseka.

Muvi unakwera mwaulesi n'kuima pa 44.

Nyimbo inazima yokha, kuyambira kutsogolo mpaka pakhonde. Alamu anatsika msanga ngati agwidwa akuba. "Sikelo yatopa iyi, yanyamula anthu ambiri," anatero akuyesa kuseka.

Anamwino sanaseke. Anawagwira pachibwano, anatsitsa chikope ndi chala n'kuyang'ana m'diso, anakwinya dzanja la juzi mpaka m'chigongono. "Mayi, ine ndinakuonani kuchipatala mukuwanyamula nokha bambowa kuchoka pabedi. Simunali chonchi. Mwadya chiyani lero?"

"Tiyi."

"Dzulo?"

Alamu anayang'ana pansi. "Nthawi imachepa. Komanso sindinkafuna kuti wina aone ndikutafuna kukhitchini, aziti ndi za wodwala."

Azakhali anawerama n'kugwira kiyi wa kabati uja pakhosi pawo.

"Halo? Halo?" inatero foni ija. "Mwati 44 ndi ndani?"

Anamwino anatiyang'ana mmodzimmodzi, ine, azakhali, amayi a kutchalitchi. "Wodwala wanga akulemera kuposa womudwazika. Nyumba yodzaza anthu chonchi, awa amawafunsa ndani ngati adya? Lolemba abwere nawonso, ndikufuna ayezedwe magazi."

Ine ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowe. Masiku 16 ndinkadya moyang'anana ndi khomo la khitchini limenelo.

Bambo anali atakhala pampando wawo, chimwemwe chonse chitachoka pankhope. Anatambasula dzanja, alamu anabwera n'kugwada pambali pawo.

"Kondakitala, mwananga," anatero bambo, "makilo atatuwa ndawatenga kwa iwe?"

"Mudzandibwezera mukachira, bambo."

Bambo anaphimba nkhope ndi manja onse awiri n'kulira mokweza, aneba onse akuona. Chiyambire matendawa, ngakhale tsiku lomwe adokotala anatchula dzina lake, ndinali ndisanawaonepo akulira.